Mkono wa Kumanja wa Jekete Yanga

"Tambasula mkono, Bulasi. Osati ngati ukupempha mchere kwa mnansi, tambasula bwinobwino."

Ndinatambasula. Amalume anayika nsonga ya tepi paphewa langa, anaitsitsa kudzera pachigongono mpaka pamfundo ya dzanja, natsinzina diso limodzi. Sanalembe kanthu. Miyeso ya anthu ankaisunga m'mutu, ndipo yanga ankaidziwa kuyambira pa kabudula woyamba amene anandisokera.

Linali Loweruka, pa 9 Ogasiti 1952, pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Balaka, moyang'anana ndi siteshoni ya sitima. Tsikuli ndikulidziwa chifukwa ndinkalemba buku la tsiku ndi tsiku kuyambira chaka chimene ndinayamba uphunzitsi, ndipo bukulo ndikadali nalo. Pa tsiku limenelo pali mzere umodzi wokha: "Kukayezetsa jekete kwa telala." Sindinalembe kuti telalayo anali Che Sadiki, mlongo wawo wa amayi anga. Sindinalembenso kuti bambo anga atamwalira mu 1933, ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, iwowa ndi amene anandilera pakhonde lomwelo. Anali Msilamu wosaphonya mapemphero a swala, koma ananditumiza kusukulu ya mishoni ngakhale anzawo a kumzikiti ankawanena, chifukwa bambo anga anali Mkatolika ndipo anafa atapempha zimenezo.

"Nkhope yako ikuoneka ngati wameza singano," anatero akupinda tepi. "Kwagwanji kusukuluko?"

Ndinawafotokozera mwachidule, monga munthu amafotokozera chinthu chimene akuganiza kuti womvayo sachifikira. Bambo Hilary, wansembe woyang'anira masukulu athu kwa Kalembo, anapatsidwa malo amodzi okha ku maphunziro apamwamba a aphunzitsi kummwera, oyamba mu Okutobala. Oyenera tinalipo awiri: ine ndi mnzanga Lyford. Bambo Hilary ankakonda masamu kuposa fodya wa m'kaliwo wawo, ndiye anaganiza zotiyesa m'njira yawoyawo. Anatipatsa aliyense mutu umodzi wa m'kabuku kakale ka Chingerezi, kuti Loweruka pa 23 Ogasiti tikaufotokoze m'Chinyanja pamaso pa aphunzitsi onse. Anati munthu amadziwika kuti wamva chinthu akatha kuchinena m'chinenero cha amayi ake. Lyford anapatsidwa za kutalika kwa nyenyezi. Ine ndinapatsidwa za muyeso wachinayi. Mutuwo ndinali nditauwerenga kakhumi ndi kamodzi.

"Muyeso wachinayi wa chiyani? Ine munthu ndimamuyeza malo asanu ndi anayi."

"Si za zovala, amalume. Chinthu chilichonse chili ndi miyeso itatu: mulitali, mulifupi ndi msinkhu. Bukulo likuti pakhoza kukhala wina wachinayi, wosalowera kutsogolo, wosalowera kumbali, wosaloweranso kumwamba."

"Nanga ukulowera kuti?"

"Kumene sitingathe kuloza ndi chala."

"Ndiye ndakudziwa," anatero akukhala pamakina. "Ndi kumene amapita masingano anga akagwa pansipa."

Sindinaseke. Ndinaimirira mowongoka n'kuyamba kulakatula zimene ndinaloweza: kuti mzere uli ndi nsonga ziwiri, mzerewo ukasunthira kumbali umabala sikweya ya ngodya zinayi, sikweya ikasunthira kumwamba imabala bokosi la ngodya zisanu ndi zitatu, ndipo bokosi likasunthira ku muyeso wachinayi limabala chinthu cha ngodya khumi ndi zisanu ndi imodzi. Wachisanu, makumi atatu ndi ziwiri. Palibe polekezera.

"Mawu onse alipo," anatero amalume, phazi likupalasa makina. "Ukundikumbutsa ife ku madarasa tili ana. Tinkaloweza tsamba lonse osaphonya, koma shehe akafunsa tanthauzo, aliyense maso kudenga. Iweyo pamenepa wamvapo chiyani?"

Ndikanakhala kwa munthu wina ndikananama. Koma pakhonde limenelo ndi pamene ndinaphunzirira kumanga zingwe za nsapato.

"Palibe," ndinayankha. "Ndipo pali chiganizo china chimene chikundisowetsa mtendere. Akuti mu muyeso wachinayi, nsapato ya kumanzere ikhoza kusanduka ya kumanja popanda kuidula kapena kuisoka."

Makina anaima.

Amalume anayang'ana nsapato zanga. Kenako anadzuka, anakoka pansi pa tebulo mtolo wa mapatani, mapepala okhuthala aja amene ankagoneka pansalu podula. Anasankha limodzi nalisalaza patebulo.

"Uwu ndi mkono wa jekete, wa kumanzere. Ona, kutsogolo kwake n'kokumbika kwambiri, kumbuyo n'kotukuka. Tausandutsa wa kumanja. Koma usauchotse patebulo, ngakhale pang'ono."

Ndinautsetsereza. Ndinauzunguliza, mutu pansi, mutu mmwamba. Mbali yokumbika inkangokhala kolakwika.

"Ukhoza kuuzunguliza mpaka sitima ya Lachiwiri ifike," anatero. Anatola pepalalo ndi zala ziwiri, analikweza, analitembenuza m'malere, naligonekanso. "Nawu wa kumanja. Pamwamba pa tebulo pali miyeso ingati?"

"Iwiri."

"Ine ndadutsa nawo mu wachitatu. Tsono tiyerekeze nsabwe, zija zimabwera ndi makabudula ofuna zigamba. Nsabwe yobadwira patebulopa, yosadziwa kuti kuli kumwamba. Ikanati chiyani? Ikanati mkono wa kumanzere wasowa, kenako pabwera wina wachilendo. Ikanathamanga kukauza anzake kuti kuli ufiti. Nsapato yakoyo nayonso ili patebulo lake, Bulasi, la miyeso itatu. Nsabwezo ndi ife."

Ndinamva ngati munthu watsegula zenera m'chipinda chimene ndinakhalamo milungu iwiri ndikupapasa makoma. Iwo anali asanathe. Anatenga choko chodulira, anajambula mzere wozungulira patebulo, naikamo batani pakati.

"Nsabwe ija ili kunja kuno. Singaone batani pokhapokha itaboola mzerewu. Ine ndili pamwamba ndikuona mzere, ndikuona batani, ndipo ndikhoza kulichotsa osakhudza mpandawo. Ndiye ngati kwachinayiko kuli wina, ifeyo akutiona mkati monse. Matumbo, mtima, ndi chimene wadya m'mawa." Anapukuta choko kuzala. "Izi anatiuzapo kumzikiti, koma sanatipatse choko."

Ndinapempha nyuzipepala yakale m'sitolo, ndinajambulapo patani ija n'kuidula. Amalume ankandiyang'ana, nkhope ili ngwee ngati mwana amene wagwira mbalame yake yoyamba.

"Ndiye ndi zimenezo akunena azunguwo?"

"Ndi zomwezo," ndinatero. "Bukulo limafotokoza mozama kuposa pamenepo."

Silinkafotokoza mozama. Linali ndi ziganizo zitatu zokha za nsapato, ndipo ndinazimva tsiku limenelo.

Nsalu inali ya kaki wokhuthala, chotsalira chomaliza cha mpukutu. Anati jekete idzakhala itatha Lachinayi pa 21, ndipo adzaipereka kwa woyendetsa lole ya thonje yopita ku Ulongwe, yodutsa pafupi ndi sukulu yathu.

Lachinayi lole inadutsa yopanda phukusi. Lachisanu chimodzimodzi. Loweruka m'mawa ndinalowa m'kalasi ya Sitandade 5 nditavala malaya ndi tayi basi. Munali aphunzitsi khumi ndi anayi, atadzipanikiza m'madesiki a ana, ndi Bambo Hilary pampando wawo pafupi ndi zenera.

"Jekete ija mwatilengezera mwezi wathunthu ili kuti, a Blasius?" anafunsa Lyford motsitsa mawu, koma mokwanira kuti mzere wonse umve. "Kapena mwaivala, ife a miyeso itatu ndiye sitikuiona?"

Iye ndiye anayamba kufotokoza. Anayankhula bwino, ndiyenera kunena zoona. Anawerengetsera zaka zimene munthu angapalase njinga kuti akafike kudzuwa, ndipo anthu anaseka pamene anati matayala a njinga ya katekisiti wathu sangafike n'ku Liwonde komwe. Anatenga mphindi makumi awiri ndi zisanu.

Ine ndinayamba ndi ngodya zanga. Ziwiri, zinayi, zisanu ndi zitatu. Pofika pa khumi ndi zisanu ndi imodzi, aphunzitsi awiri akumbuyo anali akusinza. Ndinatchulanso, monga mmene bukulo linanenera, kuti akatswiri ena amawerengera nthawi ngati muyeso wachinayi, popeza chochitika chilichonse chili ndi malo ake komanso ola lake, kungoti mu muyeso umenewo timayenda chopita kutsogolo kokha. Bambo Hilary anagwedeza mutu pang'ono, koma maso awo anali pa kaliwo.

Pamenepo ndinatulutsa mkono wanga wa nyuzipepala n'kuugoneka patebulo.

"A Lyford, tabwerani. Uwu ndi mkono wa kumanzere. Muusandutse wa kumanja osauchotsa patebulo."

Anabwera akumwetulira. Anauzunguliza kanayi, kumwetulira kukuchepa. Ogona aja anadzuka, ena anaimirira kuti aone. Nditaona kuti zakwana, ndinautola ndi zala ziwiri, ndinautembenuza m'malere n'kuugoneka. Ndinanena za nsabwe, anthu anaseka. Ndinajambula mzere wozungulira, ndinaikamo batani, ndinanena za wokhala kwachinayi amene akuona matumbo athu. Pamenepo sanaseke. Mphunzitsi wina wachikulire anadzigwira pamimba.

Bambo Hilary anachotsa kaliwo pakamwa.

"Za mkono wa jekete ndi nsabwe mulibe m'buku langa," anatero m'Chinyanja chawo chapang'onopang'ono. "Mwazitenga kuti, a Blasius?"

Apa ndiyenera kulemba zinthu m'ndondomeko yake, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkazisokoneza dala pokumbukira. Funsoli lisanafunsidwe, ndinali nditawaona kale amalume. Anafika pamene Lyford ankazunguliza pepala. Anaima pakhomo, kunja kwa chitseko, atavala mkanjo woyera umene kumunsi kwake kunali kofiira ndi fumbi la mamailosi makumi awiri ndi awiri. Kumutu kunali kofia, m'khwapa phukusi. Nsapato anali atavula n'kuzisiya pamasitepe, monga amachitira polowa mumzikiti. Ndinawaona, ndipo iwo anaona kuti ndawaona.

"Ndinaziganiza ndekha, Bambo," ndinatero.

"Zabwino kwambiri. Tsono ndikufunseni chimodzi. Tisiye nsapato. Munthu wamoyo atatengedwa, natembenuzidwa mu muyeso wachinayi, nabwezedwa m'kalasi muno, tingamuzindikire bwanji?"

Ndinafufuza m'masamba onse amene ndinaloweza. Munalibemo. Ndinayang'ana pepala patebulo, ndinayang'ana kudenga. Lyford anapinda manja, nayamba kuyang'ana zikhadabo zake.

"Mtima ungapezeke kumanja, Bambo."

Mitu yonse inatembenukira kukhomo. Amalume anawerama pang'ono, dzanja lamanja pachifuwa.

"Pepani polowerera nkhani ya ophunzira. Mtima ungapite kumanja, ndipo chipsera cha patsaya ili chingapezeke patsaya linali. Koma mwini wakeyo sangavomere. Iye angati ndinu mwatembenuka nonsenu, ndi nyumba yomwe. Bolodi lanulo angayambe kuliwerenga kuchokera kumanja, ngati mmene timawerengera ife kumzikiti."

Bambo Hilary anaimirira. M'zaka zinayi zimene ndinawadziwa, ndinali ndisanawaonepo akuimirira chifukwa cha yankho la munthu.

"Ndi momwemo ndithu. Lowani, bambo, lowani. A Blasius, bambo awa ndani?"

Ndinali ndi nthawi yokwanira. Palibe anandifulumizitsa. Ndinaona aphunzitsi khumi ndi anayi a mishoni akuyang'ana kofia ndi mapazi opanda nsapato. Ndinaona malo amodzi aja a kummwera, ndi Lyford.

"Ndi telala wa ku Balaka, wabweretsa jekete yanga," ndinatero. "Pamene ankandiyeza ndinawafotokozera phunziro lonseli, kuti ndione ngati munthu wosapita kusukulu angalimve. Akubwereza zimene ndinawauza. Ndimafuna ndione ngati wina muno ayankhe, n'chifukwa chake ndinakhala chete."

Amalume anandiyang'ana. Sanakwiye, sanadabwe. Anandiyang'ana monga ankayang'anira munthu akamamuyeza, diso limodzi lotsinzina pang'ono. Kenako anatembenukira kwa wansembe.

"Ndi zoona, Bambo. Aphunzitsiwa amafotokoza bwino."

"Ndiye mwapambana kawiri," anatero Bambo Hilary akundigwira paphewa. "Ngati telala wamva muyeso wachinayi, Sitandade 5 ingakuvuteni?"

Anthu anaomba m'manja. Pobwerera kumalo kwake, Lyford anadutsa pafupi nane.

"Telala wanuyo mukufanana naye mphuno," anatero osandiyang'ana.

Amalume ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi, pamene anatsamiritsa njinga. Anali atavala nsapato zawo, akumasula chingwe cha phukusi.

"Tayesani, aphunzitsi, tione ngati ikukhala."

Chibadwire anali asananditchulepo choncho. Ndinavala. Inakhala bwino pamapewa, pachifuwa, paliponse. Anaikoka kumbuyo, anasalaza kolala, kenako anagwira mkono wa kumanja n'kuukwezera padzuwa.

"Pali cholakwa chimene ndiyenera kukuuzani musanachione nokha. Tayang'anani mikono iwiriyi."

Ndinaiyandikizitsa. Wa kumanja unali wotuwa pang'ono kuposa jekete yonse, ndipo timizere ta nsalu tinkapendekera kwina.

"Nsalu ili ndi nkhope ndi msana," anatero. "Masiku onse ndimaipinda pawiri, nkhope kuyang'anana, n'kudula mikono yonse kamodzi, umodzi umatuluka wa kumanzere, wina wa kumanja. Koma chotsalira chija chinali chopapatiza, sichinalole kupinda. Ndinayenera kudula umodziumodzi. Ndinadula woyamba. Ndisanadule wachiwiri, mutu unapita ku nkhani yanu ija, ndipo ndinaiwala kutembenuza pepala. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndikugwira sizasi, ndinadula mikono iwiri ya kumanzere."

Anaseka pang'ono, yekha.

"Kaki wotere m'Balaka monse munalibe. Ndinadikira sitima ya Lachinayi, sinabweretse. Ndiye dzulo titatuluka ku mapemphero a Juma ndinati, bwanji ndichite zimene tinakambirana zija. Ndinautembenuza. Wakhala wa kumanja ndithu, koma msana uli kunja. Pepala silidandaula ukalitembenuza, nsalu imaulula. Wosadziwa sangaone. Padzuwa pokha muzisamala."

"Amalume," ndinayamba.

"Anzanu akuyang'ana pazenera, aphunzitsi."

Ndinacheuka. Ankayang'anadi. Ndinachotsa dzanja limene ndinali nditayika pachiwongolero cha njinga yawo.

"Ndinali ndi funso loti ndiwafunse ansembe anu aja," anapitiriza akupinda pepala la phukusi bwinobwino kuti akaligwiritsenso ntchito. "N'chifukwa chake sindinatume munthu. Ndi limene linandidulitsa molakwika. Mfundo ya ulusi, kwachinayiko, ingagwire? Ine ndikuona ngati singagwire. Mfundo imagwira chifukwa ulusi wina watsekereza unzake. Koma kukakhala njira ina yodzera, uja ungolambalala, mfundo n'kumasuka yokha popanda wogwira nsonga. Ndiye kumeneko kulibe matelala, kapena amasoka mwa mtundu wina. Mukawafunse inu, mumadziwa kuyankhula nawo."

"Dikirani mumwe tiyi."

"Iyayi, dzuwa likwera. Kuli madiresi awiri a ukwati akundidikira."

Anakwinya mkanjo, anakwera njinga. Ndinaima pansi pa mtengowo nditavala jekete mpaka anakhota pa njira ya kumsika. M'buku langa, pa 23 Ogasiti, ndinalemba kuti: "Phunziro linayenda bwino. Jekete yafika."

Funso lawo sindinawafunse Bambo Hilary. Ndinaopa kuti angafune kudziwa ngati nalonso ndinaliganiza ndekha. Yankho ndinadzalipeza mu Malichi 1953, m'buku lina la ku laibulale ya kumaphunziro kuja: mu miyeso inayi, mfundo ya chingwe sigwira. Chifukwa chimene bukulo linapereka chinali chomwechija chimene amalume ananena pansi pa mtengo wa mango, kungoti linachinena m'masamba asanu ndi limodzi. Ndinayamba kuwalembera kalata katatu. Nthawi zonse ndinkaima pa mzere woyamba, posadziwa kuti ndiyambe ndi mfundo ya ulusi kapena ndi zinazo. Ndinati ndidzawauza pamaso ndikamaliza maphunziro. Anamwalira ndi chibayo pa 3 Febuluwale 1954, ine kutatsala miyezi isanu kuti ndimalize. Uthenga unandipeza atayikidwa kale, popeza Asilamu sagoneka maliro.

Choncho tsiku lomaliza kuwaona linali Lachiwiri, pa 7 Okutobala 1952.

Kalata yondisankha inali itafika pa 15 Seputembala. M'milungu itatu yotsatira ndinapita ku Balaka kawiri, ndipo kawiri konseko ndinadzera njira ya kuseri kwa masitolo. Tsiku la ulendo Bambo Hilary ananditengera kusiteshoni pa njinga yawo yamoto, popeza nawonso ankakalandira katundu wa mishoni. Kunkatentha monga kumatenthera ku Balaka mvula isanagwe, koma ine ndinavala jekete. Tinaima papulatifomu, sutikesi yanga pakati pathu. Mthunzi panalibe.

Ankandiuza za aphunzitsi amene ndikawapeze kummwera, kenako analeka pakati pa chiganizo. Anagwira mkono wanga wa kumanja, anauyandikizitsa kumaso, nayendetsa chala chachikulu pa timizere ta nsalu. Anagwiranso wa kumanzere. Anayerekeza.

"Mkono uwu unadulidwa ngati wa kumanzere," anatero.

"Inde, Bambo."

"Wina anaunyamula n'kuutembenuza."

"Inde."

"Ndi telala yemwe uja?"

"Yemweyo, Bambo."

Anasiya mkonowo. Anayang'ana tsidya la msewu, kukhonde la sitolo, kumene amalume anaweramira patebulo lawo lodulira. Kenako anandiyang'ana ine, nthawi yayitali ndithu, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano.

"Akuti sitima yachedwa ndi mphindi makumi awiri," anatero. "Sutikesi ndikuyang'anirani. Mwina mukufuna kukatsanzika wina."

Kuchokera pamene ndinaima kufika pakhondepo ndi mapazi zana limodzi ndi makumi awiri. Ndinadzawawerenga mu 1954, khondelo lili ndi telala wina. Tsiku limenelo ndinayankha kuti ndatsanzika kale onse. Bambo Hilary anayatsa kaliwo wawo, nasuta mpaka sitima inalira.

Ndinapeza malo a pazenera, mbali yoyang'ana kumasitolo. Sitima itayamba kusuntha, khonde linabwera pang'onopang'ono moyang'anana nane. Amalume anali ataimirira, sizasi ili pambali, nsalu yabuluu itayalidwa patebulo. Ndinatulutsa mkono wa kumanja pazenera n'kuukweza. Sindikudziwa ngati anandiona. Anatola pepala la patani ndi zala ziwiri, analikweza mpaka pamaso pawo, analitembenuza m'malere mosafulumira, naligonekanso pansalu.

Khonde linadutsa, kenako nyumba ya mkulu wa siteshoni, kenako milambe. Mkono wanga unali ukadali kunja, padzuwa la masana, wotuwa kuyambira paphewa mpaka padzanja, msana wa nsalu uli poyera.